Ndi zachilengedwe, koma wafukula ndani?

Pali mawu amene anthu amakonda kudzitchinjiriza nawo: "Izi ndi zachilengedwe, sitinapange ndife." Tiyeni tiwaunike pamodzi mawu amenewa, poona zinthu za pansi pa nthaka zimene zimatulutsa cheza chosaoneka, chomwe chikachuluka m'thupi chimatha kuyambitsa khansa.

Miyala yambiri ili ndi yureniyamu pang'ono. M'kupita kwa zaka, yureniyamu imasanduka radium, ndipo radium imatulutsa mpweya wa radon. Zinthuzi zikakhala zomwazikana pansi, kawirikawiri sizivutitsa munthu. Vuto limakula munthu akazitulutsa n'kuziunjika malo amodzi. Pokumba mafuta ndi gasi, chitsime chimalavulanso madzi amchere ambiri amene asungunula radium. Radium imeneyi imakanirira m'mapaipi monga nkhoko mumphika, ina imatsalira m'matope a pansi pa matanki. M'zaka za m'ma 1980, ku Louisiana ndi ku Mississippi m'dziko la America kunapezeka kuti mapaipi akale otere anali atafika kale m'manja mwa anthu, ena mpaka m'masukulu. Mtundu wina wa radium, wotchedwa radium-226, umatenga zaka 1,600 kuti theka lake lithe, nthawi yoposa mbiri yonse ya mafumu athu imene timaikumbukira.

Kuno ku Malawi mafuta sanayambe kukumbidwa, ngakhale mu 2011 boma linapereka ziphaso zowafufuza m'nyanja ya Malawi. Komabe nkhaniyi si yakutali. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009. Ku Kanyika, m'boma la Mzimba chakumpoto kwa Kasungu, kuli miyala ya niobium yosakanikirana ndi yureniyamu. Ngakhale fodya amene timalima akukhudzidwa. Mu 1964 asayansi ku America anapeza polonium-210 mu utsi wa ndudu. Gawo lina limachokera ku miyala ya phosphate yopangira feteleza, lina ku radon wa mumpweya, amene zotsalira zake zimamatirira pa tsamba. Makampani ena akuluakulu a ndudu anadziwa zimenezi kwa zaka zambiri osauza anthu, mpaka zikalata zawo zinaululika.

Funso lathu nali: ngati chinthu sitinachilenge ndife, kodi tili ndi mlandu chikavulaza anthu? Njuchi n'zachilengedwe, koma amene wagwedeza mng'oma pafupi ndi ana sanganene kuti vuto ndi njuchi. Udindo umatsata dzanja limene lasuntha chinthu. Amene wapindula pofukula ndiye ayenera kusamalira zotsalira, ngakhale phindu litatha kalekale. Akazisiya, wasenzetsa katundu wake ana amene sanabadwe, amene sanafunsidwe komanso sanalandirepo kalikonse.

Wina anganene kuti dziko losauka silingasiye chuma chili pansi pamene achinyamata akusowa ntchito. N'zoona, ndipo umphawi nawonso umapha. Kukumba pakokha si tchimo. Koma chuma chimene mtengo wake weniweni wabisidwa kwa amene adzaulipire si chitukuko. Imeneyo ndi ngongole imene wina watenga m'dzina la mnzake.

Apa ndi pamene kunena zoona kumakhala nkhani ya moyo. Utsi timauona, madzi onunkha timawamva, koma cheza ichi sichioneka ndipo sichinunkha. Chakudza sichiimba ng'oma. Mayi wotunga madzi pachitsime amadalira kotheratu munthu amene ali ndi makina oyezera. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loona za mphamvu zotere mu 2011, limene linabala bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority. Koma lamulo silingagwire ntchito ngati wogwira makinawo alemba nambala yosangalatsa abwana ake m'malo mwa nambala imene waona. Amene akudziwa chimene anzake sangathe kuona wasungitsidwa chinthu cha eni.

Choonadi chomwecho chimatimanga ifenso. Kufalitsa mphekesera zoti mudzi wonse utha, popanda umboni, n'kulakwira anthu monga mmene amachitira wobisa. Chotiyenera ndi kufunsa modekha, pamaso pa mafumu ndi anthu onse, amayi ndi achinyamata omwe: madzi athu anayezedwa liti, zotsatira zili kuti, ndipo adzasamalire zotsalira ndani kampani ikadzachoka?

Mafunso okambirana:

1. Kodi ndi zinthu ziti zimene timadziwa pa ntchito yathu zomwe ogula kapena anansi athu sangathe kuziona okha? Timawauza?

2. Pokambirana za malo ndi madzi m'mudzi mwathu, ndani amalankhulira ana amene sanabadwe?

3. Tingasiyanitse bwanji chenjezo loona ndi mphekesera?