Za Mlezi Wopanda Dzina

Pali mabodza a mitundu iwiri amene munthu angathe kunenera mnzake. Loyamba ndilo bodza lonyoza, ndipo limeneli silivuta kulizindikira, pakuti wonenedwayo akalimva amapsa mtima, napita kwa amfumu kukadandaula. Lachiwiri ndilo bodza loyamikira, limene mwini wake amalinena ndi nkhope yosekerera, kotero kuti wonenedwayo amasowa poyambira mlandu. Adzati chiyani pabwalo? Kuti uyu wandichimwira ponditama? Tsono funso limene tifuna kulisinkhasinkha m'nkhani ino ndi ili: kodi mlembi wa nkhani zopeka, kapena wopanga kanema, akatisonyeza mkazi mokometsera koma mosatsata choona, wachimwa? Ndipo ngati wachimwa, wachimwira yani, popeza mkaziyo ndi wongopeka, sanabadwe, ndiponso sadzamva kanthu?

Akazi ambiri a m'mabuku ndi a m'kanema timawadziwa asanatsegule pakamwa. Pali namwali wokongola wongodikira womupulumutsa, pali mkazi wa m'tauni wokolola ndalama za amuna a eni, pali apongozi olongolola, pali mayi wopeza wankhanza. Za womalizayu pali kanthu koseketsa: pamene abale awiri a ku Germany, Jacob ndi Wilhelm Grimm, anasindikiza nthano zawo mu 1812, wofuna kupha Snow White anali amake omubala; koma posindikizanso mu 1819 mlanduwo anausenzetsa mayi wopeza, ndipo amayi opeza ali kuusenzabe kufikira lero. Onsewa tiwasiye. Titenge mmodzi amene nkhani yake imamulemekeza kwambiri, kuti tione ngati ulemuwo uli wokwanira.

Mu 1936 mayi wina wa ku Atlanta, m'dziko la America, dzina lake Margaret Mitchell, anatulutsa buku lotchedwa Gone with the Wind, ndipo mu 1939 analisandutsa kanema amene anaonedwa ndi anthu osawerengeka pa dziko lonse. Nkhani yake ndi ya mtsikana wachizungu, Scarlett O'Hara, mwana wa mwini munda waukulu wa thonje ku Georgia, pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, nkhondo imene inathetsa ukapolo m'dzikomo. M'nyumba mwa Scarlett muli mdzakazi wakuda, wonenepa, wa mawu aakulu, amene onse amangomutcha Mammy. Iye analera amake a Scarlett, nalera Scarlett, nadzaleranso mwana wa Scarlett. Ndiye amene amamanga dona wake wamng'onoyo chovala cha m'chiuno, ndiye amene amamudzudzula akachita zosayenera, ndipo kunena zoona ndiye wanzeru woposa onse m'nyumbamo. Ukapolo utatha, akapolo ambiri nabalalika, iye sanachoke. Mwana wa Scarlett atagwa pa kavalo nafa, Mammy ndiye amene akulira pokwera makwerero, misozi ya mtima wonse, kotero kuti woonerera wouma mtima yekha ndiye angakhale osagwidwa chisoni.

Palibe chipongwe pamenepa, wina angatero. Koma akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tiing'ambe nkhuyuyi. Dzina la mayi ameneyu ndani? Mammy si dzina, ndi ntchito, monga kutchula munthu kuti Mlezi kapena Wophika kuyambira ubwana wake kufikira imvi. Amake anali yani? Kodi anakwatiwapo? Kodi anabalapo mwana wakewake? Usiku, onse atagona, iye amaganiza chiyani? Kanemayo ndi wa maola pafupifupi anayi, koma m'maola onsewo mulibe kamphindi koyankha funso limodzi mwa amenewa. Mtima wake wonse anaudzaza ndi zofuna za mbuyake, osasiyamo malo ndi pang'ono pomwe oti mukhale chofuna chake. Zinatenga zaka 78 kuti apatsidwe dzina: mu 2014 mlembi wina, Donald McCaig, mololedwa ndi osunga chuma cha Mitchell, analemba buku lomutcha Ruth.

Tsono kuti tidziwe chimene chinachotsedwa, tiyenera kumva kwa eni ake, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Mu 1861 Harriet Jacobs, amene anabadwira mu ukapolo ku Edenton, m'chigawo cha North Carolina, anasindikiza mbiri ya moyo wake, Incidents in the Life of a Slave Girl. M'menemo akusimba za agogo ake aakazi, mdzakazi wokhulupirika ndi wokondedwa, wofanana ndithu ndi Mammy pakumuona kunja. Gogoyu anayamwitsa mwana wa dona wake. Ndipo kuti mwana wa donayo akhute, mwana wake womubala yekha, ndiye amake a Harriet, anamuletsa kuyamwa ali ndi miyezi itatu yokha. Ankaphika zogulitsa usiku atatha ntchito ya mbuyake, nasunga ndalama kuti adzaombole ana ake. Dona wake anabwereka madola 300 mwa ndalamazo, ndipo sanabweze. Ana ake anagawidwa monga agawira mbuzi za masiye, wina nagulitsidwa. Iye mwini analonjezedwa ufulu, koma dona wake atamwalira anamuika pa msika. Pambuyo pake anabisa mdzukulu wake Harriet m'kadenga kopanikiza ka nyumba yake zaka pafupifupi 7, akumwetulira azungu pa msewu ngati sadziwa kanthu.

Onani tsono kusiyana kwake. Mlezi weniweni anali ndi nkhope ziwiri, ina yoonetsa mbuyake, ina ya iye yekha ndi ana ake. Mlembi wa nkhani yopeka anatenga nkhope yoyambayo, naitcha munthu yense. Sananame pa chimene anaonetsa; ananama pa chimene anabisa. Ndipo sitikana kuti mwa alezi amenewo analipo okonda ana a ambuye awo moona, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mtima wa mayi sufunsa khungu la khanda lolira. Koma chikondi cha munthu amene sangathe kuchoka sichingakhale umboni woti anali wokondwa kukhala.

Apa ndi pamene funso lathu liyankhikira, loti wachimwiridwa ndani. Chithunzi cha Mammy sanachiyambe ndi Mitchell, ndipo sichinakhale m'mabuku mokha. Kuyambira mu 1889 amalonda ankagulitsa ufa wa zitumbuwa wotchedwa Aunt Jemima, ndipo pa chionetsero chachikulu cha ku Chicago mu 1893 analemba ntchito Nancy Green, mayi wobadwira mu ukapolo, kuti avale ngati mlezi wa masiku akale nasangalatse ogula. Dzinalo linachotsedwa pa mapaketi mu 2021. Mu 1923 nyumba ya Senate ya ku America inavomera pempho la bungwe la United Daughters of the Confederacy loti amange chipilala mu mzinda wa Washington chokumbukira alezi okhulupirikawo. Amayi akuda, mmodzi wa iwo Mary Church Terrell, anakana kwamtuwagalu, ndipo chipilalacho sichinamangidwe. Anakaniranji ulemu wotere? Chifukwa anaona kuti chipilalacho sichinali cha agogo awo ayi, chinali cha ambuye aja, chowatsuka m'manja. Ndiponso m'zaka zimenezo akazi akuda ochuluka ankagwira ntchito m'nyumba za azungu pa malipiro ochepa, ndipo chithunzi cha mlezi wosadandaula chinali muyeso umene ankayesedwa nawo tsiku ndi tsiku. Wofunsa malipiro oyenera, kapena wopempha kupita kwawo mwana akadwala, ankaoneka wosayamika pomuyerekeza ndi mkazi amene sanakhaleko n'komwe. Motero mangawa a mlembi sali kwa munthu wopekayo. Ali kwa amoyo amene afanana naye, amene adzalowa pa khomo la eni m'mawa atapeza kuti mbiri yawo yafika kale.

Wina adzati nkhani yopeka si bwalo la milandu, ndipo mlembi sangathe kutsata moyo wa aliyense wolowa m'nkhani yake. Izi n'zoona, ndipo palibe wanzeru amene angafune kuti wotsegula chitseko aliyense apatsidwe mutu wakewake. Nkhani imodzi yotere siikadakhala mlandu. Mlandu ukubwera pamene nkhani zana zisiya kanthu komweko, pa anthu omwewo, ndipo kusiyako kukomera anthu omwewo. Dontho limodzi siliboola mwala.

Chovuta koposa ndicho kuweruza mayi amene anavala nkhope ya Mammy. Hattie McDaniel anali mwana wa makolo amene anali akapolo, ndipo atate ake anamenya nawo nkhondo ija ku mbali ya ofuna ufulu. Iye mwini anagwirapo ntchito za m'nyumba ndi zosamalira zipinda zosambira pamene za kuimba ndi masewero zinkasowa. Pamene kanemayo anaonetsedwa koyamba ku Atlanta pa 15 December 1939, iye sanapiteko, chifukwa malamulo a tsankho sanalole. Pa 29 February 1940 analandira mphotho ya Oscar, woyamba mwa anthu akuda onse, koma mu hotela ya Ambassador ku Los Angeles anamukhazika pa kathebulo kapadera, kutali ndi anzake amene anasewera nawo. Atsogoleri ena a anthu akuda, monga Walter White wa bungwe la NAACP, anadzudzula zoti osewera akuda azingooneka ngati antchito a m'nyumba. Yankho limene McDaniel amakumbukika nalo ndi loti kusewera ngati wantchito pa malipiro aakulu kuposa kukhala wantchito weniweni pa malipiro a njala. Mlembi wa nkhani ino aganiza kuti White ananena zoona, ndiponso kuti McDaniel alibe mlandu. Wanjala sasankha mbale. Sanalembe mawuwo ndi iye, ndipo nzeru ndi ulemu zimene tiziona mwa Mammy, zambiri anaziikamo ndi iye, ndi maso ake ndi mawu ake, pa malo pamene olemba anasiya mbuu. Atamwalira mu 1952, manda a Hollywood amene iye anafuna kuikidwako anakana mtembo wake chifukwa cha khungu.

Kodi tsono nkhani yoona ya wantchito wa m'nyumba ingaoneke motani? Funso limeneli si la ku America kokha, pakuti ambiri a inu owerenga muli ndi amayi, azakhali kapena alongo amene analera ana a eni ku Blantyre, ku Lusaka, ku Harare kapena ku Johannesburg, ana awo atawasiya kumudzi ndi agogo. Yankho lina linachokera ku Senegal. Mu 1966 Ousmane Sembène anatulutsa kanema wamfupi, wa ola limodzi chabe, wotchedwa La Noire de..., ndipo wosewera wamkulu anali Mbissine Thérèse Diop. Mtsikana wa m'nkhaniyo ali ndi dzina, Diouana. Ali ndi amake ku Dakar, ali ndi bwenzi lake, amakonda nsapato zazitali ndi madiresi okongola, ndipo si mngelo ayi: ali ndi kunyada kwake ndi maloto ake achibwana a dziko la France. Banja lachifalansa limene ankalerera ana ku Dakar limutengera ku Antibes, m'mbali mwa nyanja, ndipo kumeneko apeza kuti France yense amene adzamuone ndi khitchini, chipinda chosambira ndi chipinda chochezera. Pamaso pa bwana ndi dona salankhula zambiri, monga momwe agogo a Harriet Jacobs sankalankhulira. Koma Sembène anachita chinthu chimodzi chimene opanga Gone with the Wind sanachite m'maola awo anayi: anatilola kumva mawu a mumtima mwake, pamene pakamwa pake pali potseka.

Pali malo ena m'kanemayo oyenera kuwakumbukira aliyense wogwira cholembera. Kalata ifika kuchokera ku Dakar, yonena kuti ndi ya amake. Popeza Diouana sadziwa kuwerenga, bwana amuwerengera. Ndipo popeza sadziwa kulemba, bwanayo atenga pepala nayamba kuyankha m'malo mwake, kulemba kuti ali bwino, asanamve n'komwe chimene mwini wake afuna kunena. Bwanayo si munthu woipa mtima. M'maganizo mwake ali kuthandiza. Diouana ang'amba kalata ya amakeyo, nachoka pamaso pawo. Pasanapite nthawi adzipha m'bafa. Bwana uja abwerera ku Dakar ndi sutikesi ya mtsikanayo, nafunafuna kwawo kufikira atapeza amake, nawapatsa ndalama. Mayiwo akana kuzilandira, natembenuka.