Kutsekemera kwa Kayimbe N'kwa Yani?

Nthochi mungaidule ili yobiriwira, n'kuifundika masiku angapo, ndipo idzapsa n'kutsekemera. Mango nawo amatero. Kayimbe satero ayi. Vwende lakhungu lokhakhalali, la mnofu wofiirira ngati wa papaya, likachoka patsinde pake limatha kufewa ndi kununkhira, koma shuga wake sawonjezekanso. Chifukwa chake n'chodziwika: nthochi imasunga ufa m'kati mwake umene umasanduka shuga pambuyo pake, pamene kayimbe alibe nkhokwe yotero. Shuga wake amachokera m'masamba tsiku ndi tsiku, ndipo wochuluka amalowa m'masiku omalizira chipatso chisanachoke. Alimi odziwa sagwiritsa mpeni. Amayang'ana pamene phesi lalumikizana ndi chipatso, ndipo pakaoneka mng'alu wozungulira, chala chachikulu chikangokankha pang'ono kayimbe amadzichokera yekha, n'kusiya kadzenje kosalala. Wogula wa m'mbali mwa msewu wa N7, pakati pa Moatize ndi Zóbuè, akapeza kachitsa ka phesi kali chikakamirire, adziwe kuti chipatsocho chinathotholedwa nthawi yake isanakwane.

Pamenepa pali funso la chikhulupiriro, ngakhale likuoneka ngati la kudimba chabe. Kodi kutsekemera kumeneku n'kwa yani? Mlimi analima, anathira manyowa, anapalira, anapirikitsa mbuzi, ndipo palibe angamulande ulemu wa thukuta lake. Komabe chimene wogula akufuna m'chipatsocho mlimi sanachipange, ndipo sangachifulumizitse. Njuchi zimene zinanyamula mungu sanazilembe ganyu. Dzuwa la m'chigwa cha Zambezi saliyatsa ndiye. Akathira madzi ochuluka masiku omalizira poganiza kuti akuthandiza, kayimbe amasukuluka. Ntchito yake yomaliza, imenenso ili yovuta koposa, ndi kusiya manja n'kudikira. Ndiye chifukwa chake ndikunena kuti kutsekemera kumalandiridwa, ndipo munthu wolandira sangakhale mwini wake wa zonse. Ali ndi mangawa kwa Wopatsayo, kwa nthaka, ndi kwa mnzake amene adzadye chipatsocho.

Maganizo amenewa si achilendo. Buku la Levitiko, mutu 19, limalamula kuti zipatso za mtengo wobzalidwa kumene zisadyedwe zaka zitatu, za chaka chachinayi ziperekedwe kwa Mulungu, ndipo mwini mtengo ayambe kudya chaka chachisanu. Makolo a kuno anadziwa zomwezo asanaone buku. Zoyamba kucha sizinkadyedwa mwachisawawa, ankayamba athira nsembe. Angoni a Mpezeni amachitabe Nc'wala ku Mtenguleni, pafupi ndi Chipata, kumapeto kwa February, mwambo umene unatsitsimutsidwa mu 1980, ndipo mfumu imalawa zam'munda anthu asanayambe kudya. Mkhristu sayenera kuvomereza zonse za mwambo wotere kuti aone nzeru yake. Lamulo la Mose ndi mwambo wa makolo onse amaika kamtunda pakati pa dzanja ndi pakamwa, kuti munthu akumbukire kuti chimene wagwiracho chinadza kwa iye.

Wina adzatsutsa, ndipo kutsutsa kwake n'kolemera. Adzati n'kosavuta kwa wokhuta kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mayi amene mwana wake wadwala usiku sangadikire mng'alu wa paphesi. Akuba amayendera madimba, anyani sapempha chilolezo, ndipo kayimbe wopsera patsinde sakhalitsa m'kutentha kwa Moatize. Akagwedezeka pa lole ulendo wokwera ku Zóbuè amafika ataphwanyika. Kuthothola msanga, adzatero, ndi nzeru ya wosauka. Zonsezi n'zoona, ndipo chiphunzitso chilichonse chodzudzula mayi ameneyu n'chankhanza. Yesu mwini anawaikira kumbuyo ophunzira ake pamene anabudula ngala za tirigu pa Sabata chifukwa cha njala. Koma taonani kumene kutsutsaku kukutifikitsa. Sikukuonetsa kuti kudikira n'kopanda pake. Kukuonetsa kuti pali anthu amene alandidwa mwayi wodikira, ndipo tiyenera kufunsa amene wawalanda. Wogula amene amanenerera mtengo mpaka kayimbe wakupsa bwino agulidwe mofanana ndi wosakhwima ndiye akuphunzitsa mlimi kuti kudikira sikulipira. Wobwereketsa ndalama amene amafuna zake chipatso chisanache alinso ndi mbali yake. Mlandu wa mlimi umayamba pokhapo pamene wauza wogula kuti tengani bambo, akapsera kunyumba, akudziwa bwino kuti sizidzatero. Kugulitsa chosakhwima chifukwa cha mavuto ndi tsoka, koma kuchitcha chakupsa ndi bodza.

Kutsutsa kwachiwiri kumachokera kwa ophunzira. Iwo amati nyengo si chinthu chopatulika, ndi vuto limene luso limathetsa. Ndi pampu ya madzi m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè munthu amakolola m'chilimwe, ndipo m'masitolo a mu mzinda wa Tete zipatso zochokera kutali zimapezeka mwezi uliwonse. Ulimi wothirira ndi dalitso, ndipo wounyoza sanaonepo chilala. Koma pampu imangosuntha tsiku lobzala. Masiku a pakati pa duwa ndi kupsa, amene amapitirira mwezi, amakhala omwewo, ndipo wasayansi amene amabereketsa mbewu yocha msanga amagwira ntchito ndi moyo umene anaupeza kale m'njere. Luso likamakula, chimene chimachepa ndi mantha a njala. Chifukwa chothokozera sichichepa.

Boma la Moatize lili ndi chifukwa chapadera choganizira zimenezi, pakuti pansi pake pali chuma chosadziwa nyengo. Malasha sacha. Amakumbidwa usana ndi usiku, mvula kapena dzuwa, ndipo mwayi wa ntchito umene anabweretsa suyenera kukanidwa. Koma maganizo a mumgodi, akuti chilichonse chingachotsedwe pamalo pake nthawi iliyonse bola mtengo ulipidwe, akalowa m'nkhani za minda amavulaza anthu. Kampani ya Vale isanayambe kukumba mu 2011, mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa, ambiri a iwo kupita ku Cateme, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku tawuni ya Moatize. Anapatsidwa nyumba ndi malo, koma lipoti la bungwe la Human Rights Watch la mu 2013 linafotokoza kuti ambiri anapeza nthaka yosabereka bwino ndi madzi ovuta, pamene kale ena a iwo ankadalira mtsinje. Mu January 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji yonyamula malasha posonyeza kudandaula kwawo. Owerengera chipukuta misozi amatha kuyeza kukula kwa munda ndi kuwerenga mitengo. Chimene sichilowa m'kaundula wawo ndi zaka zimene banja linatha likuphunzira malo amene chinyezi chimakhalitsa, mwezi wobzala m'dimba, ndi mbewu imene imayanjana ndi dothi limenelo. Mu 2022 mgodiwo unapita m'manja mwa kampani ya Vulcan, ndipo eni atsopano pamodzi ndi boma akafunanso malo ena, zaka zimenezo ziyenera kuwerengedwa pa mlandu, ndipo owerengera ayambe afunsa alimi eni ake asanalembe mtengo.