Woimba piyano pa njira ya ku Santiago

Kukali m'bandakucha, tiyeni tilingalire za munthu amene amaimba piyano pongoikonda chabe, osati kuti adyerepo. Wanyamuka ulendo wachipembedzo wapansi, kuchokera ku Saint-Jean-Pied-de-Port kupita ku Santiago de Compostela m'dziko la Spain, mtunda wa makilomita pafupifupi 800. Piyano siberekeka kumsana. Waisiya kunyumba, watenga chikwama ndi ndodo basi.

Kwawo ankalimbana ndi nyimbo za akatswiri a ku Spain, Isaac Albéniz ndi Enrique Granados, maso ali pa pepala, zala zikuphonya. Tsopano pa ulendowu, m'chigawo cha Navarra, akumva anthu akuimba jota mokweza mawu pabwalo. Pofika m'chigawo cha Galicia akupeza gaita, chitoliro chokhala ndi thumba la mphepo limene woimba amalipana m'khwapa, anthu akuvina muiñeira, manja ali m'mwamba.

Apa m'pamene akuzindikira kuti akatswiri aja sanatole nyimbo zawo m'mabuku mokha. Ankatchera khutu ku magitala ndi magule a anthu wamba. N'chifukwa chake Asturias, nyimbo imene Albéniz analembera piyano, masiku ano imamveka kwambiri pa gitala.

Akadzabwerera kwawo, zala zidzakhala zitauma chifukwa chosayeserera, koma adzadziwa pamene nyimbo imafuna kupuma ndi pamene imafuna kuvinidwa.

Nafenso luso lathu limakula tikapatula nthawi yomvetsera ena. Lero musanayankhe mnzanu, mulekeni amalize kulankhula. Mukhale ndi tsiku labwino.