Njovu zadothi zimene zinasiya ntchito

Ku America kuli anthu amene amasaka kanthu kamene ambiri a ife sitingakaganizire kuti n'chuma: zotchingira mabuku pa shelefu kuti asagwe, zija amati bookends. Zimabwera ziwiriziwiri, china mbali ino, china mbali inayo, mabuku pakati. Zimene amazifuna kwambiri ndi zoumba zakale, zopangidwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe kapena itangotha kumene. Funso limene landikhala m'mutu ndi lakuti, kodi munthu wosonkhanitsa zimenezi akusunga cholowa cha dera limene zinachokera, kapena akudyera pa maliro ake?

Nkhaniyi imayambira pa dongo. Chigawo cha Ohio chili ndi dongo labwino, ndipo mu 1880 mayi wina, Maria Longworth Nichols, anatsegula malo oumbira otchedwa Rookwood mumzinda wa Cincinnati. Pofika 1900 zoumba zawo zinali zitawina kale mphoto ku Paris. Zotchingira mabuku za Rookwood zodziwika kwambiri ndi za mbalame yonga khwangwala ndi za njovu. Mukatembenuza chimodzi, pansi pake mupeza zilembo R ndi P zitatsamirana misana, zozunguliridwa ndi timalawi ta moto. Kuyambira 1887 ankawonjezera lawi limodzi chaka chilichonse mpaka anakwana 14 mu 1900, kenako anayamba kulemba chaka m'manambala achiroma. Ndiye kuti chinthucho chimayenda ndi chaka chake chobadwa.

Kum'mawa kwa chigawo chomwecho kuli tauni ya Zanesville, kumene kunali mafakitale a Weller ndi Roseville. Mabanja ambiri kumeneko ankadya za ng'anjo. Weller inatsekedwa mu 1948, Roseville mu 1954, zoumba zotchipa zochokera kunja zitasefukira pamsika, anthunso atayamba kukonda zina. Rookwood inagwa mu 1941, inasamutsidwira ku Mississippi, n'kuzimitsa moto mu 1967, ngakhale dzinalo linadzaukitsidwa pambuyo pake.

Apa ndi pamene mtima wanga umakayika. Mtengo wa zinthuzi unakwera chifukwa ng'anjozo zinazima. Fakitale ikadakhala ikuthirabe dongo m'zikombole zomwezo, palibe akanalimbirana. Munthu amene ankapaka utoto pa maluwa a Roseville tsiku lonse analandira malipiro ake a pa sabata basi, kenako ntchito inatha. Amene akupindula lero ndi wina, mwina wa ku New York kapena ku California, amene ku Zanesville sanapondeko phazi. Zoona, sanabe. Anagula ndi ndalama zake. Koma chimene chikumusangalatsa, kusowa kwa chinthucho, ndi chomwecho chimene chinaliza anthu ena.

Komabe sindingamuweruze msanga choncho. Taonani za Frankoma, fakitale ya ku Oklahoma imene John Frank anayambitsa mu 1933. Poyamba ankaumbira dongo lotuwira lochokera kufupi ndi tauni ya Ada, ndipo cha m'ma 1954 anasinthira ku dongo lofiira la ku Sapulpa. Wosonkhanitsa weniweni akagwira choumba cha Frankoma sathamangira kuona kukongola kwake. Amachitembenuza kaye, kuona pansi pamene palibe utoto, kuti adziwe dothi lake n'lakuti. Ndani winanso pa dziko pano amasamala kusiyana kwa dongo la ku Ada ndi la ku Sapulpa? Mwina ngakhale ana a kumeneko ambiri satero. Ndi anthu omwewa amene amazindikira Roseville yabodza imene inayamba kudzaza m'misika m'zaka za m'ma 1990, chifukwa anaphunzira kulemera kwake kwa yeniyeni ndi mmene utoto wake umakhalira. Popanda iwo, zambiri zikanatayidwa kudzala pamene agogo amwalira, ana akusesa m'nyumba. Choncho mlandu wodyera pa maliro ndimauchepetsa. Wobwera kumaliro amene akudziwa mayina a malemu ndi makolo ake onse si mlendo wamba, ngakhale atadya nsima yambiri.

Chimene sindigwirizana nacho chili pena. Choumba chikangobenthuka pang'ono, kaya ndi pa khutu la njovu, mtengo wake umatsika kwambiri. Ndiye ambiri amene ali nazo saziyandikiza mabuku n'komwe. Amazitsekera m'kabati yagalasi, ziwirizo zitayang'anizana, pakati pali mphepo yokha. Tangoganizani: chinthu chimene anachiumba cholemera dala, mbali imodzi yosalala kuti buku litsamirepo, lero chikutetezedwa kwa buku lomwelo. Mtsuko wamaluwa ukhoza kukhala wopanda maluwa n'kuonekabe bwino, koma izi ayi, mpata wa pakatiwo umachita kufuula kuti pakusowa kanthu.

Wina anganene kuti kusamala ndiye ulemu, ndipo n'zoona kuti chosweka sichibwerera. Ine ndimaona kuti amene amaopa kubenthukako nthawi zambiri akuopera mtengo, osati cholowa. Mbiri ya dongo la ku Ohio sichoka chifukwa khutu la njovu lathyoka. Timalawi tija pansi tilipobe, chaka chilipobe. Chimene chachoka ndi ndalama imene akanapeza pogulitsa.

Ndipo pali zina zimene zinatsala zokha, zinzake zitasweka kalekale posamuka kapena mwana atazigwetsa. Osonkhanitsa sazithamangira, chifukwa amafuna ziwiri zofanana mtundu, makamakanso za chaka chimodzi. Zotsala zokhazi zimagulidwa motchipa ndi anthu wamba, amene amakaziika kumapeto kwa mzere wa mabuku, mbali inayo khoma likugwira ntchito ya njovu inafa ija.