Piritsi ndi Benchi

Mu 1952, ku Paris, madokotala Jean Delay ndi Pierre Deniker anaonetsa kuti mankhwala a chlorpromazine amakhazika mtima pansi odwala misala amene kale ankangomangidwa. Chinali chifundo chachikulu, ngakhale kuti ena akamwa, manja ankanjenjemera, thupi n'kuuma gwa. Koma kodi wodwala akaleka kulongolola ndiye kuti wachira, kapena apumula ndi omusamalira?

Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala, n'kumamvetsera anthu ovutika ndi kufungisisa, komwe m'Chishona ndi kuganiza mopitirira muyeso. Kafukufuku wa 2016 anapeza kuti ambiri anapepukidwa mumtima. Benchi silingachize misala yeniyeni. Odwala kwambiri amatumizidwa kwa anamwino. Komabe piritsi silifunsa mayi wamasiye kuti lendi ya mwezi uno aipeza kuti.