Zenera Likasweka, Itana Mwini Ntchito

Khala apa, mdzukulu wanga. Ndamva kuti mphepo inamenyetsa zenera la kuchipinda kwanu, magalasi awiri n'kusweka, iwe n'kutsekapo ndi katoni. Katoniyo ichoke sabata ino. Pakadafunda padajiwitsa galu. Kuno ku Ntcheu kuzizira kwa Juni ndi Julaye ukukudziwa, kuja kumaumitsa zala za olima mbatata ku Tsangano ndi ku Lizulu. Katoni siingakutchinge, ndipo m'chipindamo mukugona khanda. Mvula ikagwa mu Novembala idzanyowa n'kuyoyoka. Udzudzu udzalowa monga pakhomo pake, malungo pambuyo. Wakuba nayenso amayamba wayang'ana mazenera.

Mtima wako ndikuuona. Ukuti upita kuboma, ukagule galasi, udzaike wekha, ndalama ya mmisiri itsale m'thumba. Safunsa anadya phula. Galasi si thabwa loti ukalakwitsa upala pang'ono. Likadulidwa ladulidwa, ndipo mwini sitolo salilandiranso. Mafelemu owotcherera pamsikawa salingana ayi. Mabowo awiri oyandikana, ofanana m'maso, amasiyana ukaikapo tepi. Woyeza ndi luzi amabwera ndi galasi lothina kapena lokhwepa, ndalama yapita. Nanga mitengo ya masiku ano? Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha m'sitolo ya zomangira chinakwera. Kugula galasi kawiri si masewera. Ndiponso galasi likadula mtsempha wa dzanja, dzanjalo limatha kukana khasu mpaka kalekale. Taziona zimenezi.

Tsono funa mmisiri. Koma usangotola aliyense wonyamula tepi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Alipo okoma pakamwa, otchula mtengo wotsika, ofuna ndalama yonse ntchito isanayambe. Ukawapatsa, foni yawo siipezekanso. Iwe funsa anthu. Funsa kutchalitchi, funsa aphunzitsi, funsa amene anamanga nyumba chaka chatha. Akakutchulira dzina, pita ukaone ndi maso ako pamene munthuyo anagwirapo. Ugogode galasi pang'ono ndi chala. Likamachita phokoso logwedera, tembenuka. Ena ali ndi mapepala a TEVETA, bungwe lija linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Ena anaphunzira kwa amalume awo pansi pa mtengo. Pepala ndi labwino, sindikulinyoza. Koma zenera limene lapirira mvula zitatu ndi mboni yosanama.

Akafika pakhomo, uwalandire mwaulemu. Uwatchule kuti bambo, ngakhale akhale a msinkhu wako. Uwasiye ayeze okha bowo lililonse, alembe okha. Akalakwitsa muyeso, mlandu ndi wawo. Ukayeza iwe, mlandu ndi wako. Uwafunse kuti galasi likhale lokhuthala bwanji. La mamilimita 3 limakwana pa timabowo tating'ono. Pa bowo lalikulu, kapena mbali yomenya mphepo, la mamilimita 4 ndilo labwino. Mtengo mugwirizane ntchito isanayambe, pali munthu wina womva. Za galasi pazokha, za manja awo pazokha. Uwafunsenso kuti likasweka m'manja mwawo panjira, wolipira ndani. Mbewa ya manyazi idafera kudzenje. Kufunsa zimenezi si mwano.

Mmisiri weniweni udzamudziwa ndi kanyamulidwe. Galasi amalikulunga, naliimika chilili. Saligoneka pa kabaza kuti lizidumpha m'mabampu a msewu wafumbi. Akafika sathamangira kuika. Amayamba wazula zidutswa zotsalira, chimodzichimodzi. Kenako amapala phala lakale lomatira galasi, lija amati putty, mpaka chitsulo chioneke. Akapeza dzimbiri amalikwecha n'kupakapo penti yofiira yoletsa dzimbiri. Waulesi amadumpha pamenepa. Dzimbiri losiyidwa limatupa pansi pa galasi, ndipo tsiku lina udzangoona mng'alu popanda woponya mwala. Galasi lenilenilo amalidula mocheperako pang'ono kuposa bowo, chifukwa chitsulo chimafutukuka ndi dzuwa la Okutobala n'kubwerera kukazizira. Lothina limasweka lokha. Akatero amakanda putty m'manja mpaka afewe, amayala wina kumbuyo, amakhazika galasi podina m'mbali, osati pakati, n'kumata kutsogolo mopendeka kuti madzi a mvula azitsetsereka. Uime pafupi uone. Usawalankhulitse kwambiri.

Uwauze aonenso chimene chinaswetsa galasilo. Ngati kachitsulo kogwira zenera likatsegulidwa kanathyoka, kakonzedwe tsiku lomwelo. Apo ayi mphepo yomwe ija idzabweranso kudzatenga latsopanoli.

Akamaliza, ntchito yotsala ndi yako, ndipo ndi yodikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Putty sauma tsiku limodzi. Amatenga masabata. Zenera limenelo lisamenyetsedwe. Ana uwaletse, pakuti amakonda kudinda zala pofewa ndi kutong'ola kuti aumbire ting'ombe. Akalimba, upakepo penti. Wosapakidwa amang'aluka ndi dzuwa, madzi amalowa, dzimbiri limayambanso.

Za malipiro ndinene motsindika. Munthu akagwira bwino, mpatse zake tsiku lomwelo, zonse. Usamuuze kuti abwere mawa, mawalo n'kukhala mwezi. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. Amisiri a dera limodzi amadziwana, amakambirana. Ukadziwika kuti ndiwe wovuta kulipira, tsiku limene chitseko chidzagwa usiku palibe adzadzuke chifukwa cha iwe. Koma ukasunga mmisiri mmodzi bwino, adzakukonzera ngakhale ndalama ili m'munda, podziwa kuti ukakolola sudzamuzemba.

Zidutswa zija usataye kudzala, kumene ana amatola zoseweretsa. Usese kawiri, mkati ndi kunja, upukute ndi nsanza yonyowa kuti titing'onoting'ono tichoke. Uzikulunge m'pepala, ukaziponye m'chimbudzi chokumba. Mphasa imene inali pansi pa zeneralo uikutumule panja, khanda lisanakwawepo.