Pakamwa ndi Khutu

Kodi wolamulira anthu watha udindo wake akawauza mau ndi kuwasangalatsa, kapena ayenera kuyamba wamva madandaulo ao? Funsoli nlakale, ndipo mbiri ya mzinda wa Lusaka pa zaka zoyandikira nkhondo yaciwiri ya dziko lonse ithandiza kuliyankha.

M'mwezi wa May 1935 Boma la Northern Rhodesia linali pa cikondwerero ca kusamutsa likulu lake kucokera ku Livingstone kudza ku Lusaka. Masiku omwewo ku migodi ya mkuwa kunali maliro. Msonkho wa anthu a kumeneko unakwezedwa kucoka pa 12s. 6d. kufika pa 15s., osawafunsa eni ake oukhoma. Anchito a ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Luanshya analeka nchito, ndipo pa 29 May anthu 6 anaomberedwa nafa ku Luanshya. Uthenga wa sitalakayo unayenda ndi magulu obvina mbeni, gule amene Azungu anamuyesa masewera cabe.

Kunja kwa dziko nako kunali kuda. Mu October caka comweco asilikari a Mussolini analowa m'dziko la Ethiopia, ndipo ku Germany Hitler analikusula zida. Mzungu wokhala ku Ridgeway, ngati anali ndi wailesi, anamva zonsezi kucokera ku London pamodzi ndi nyimbo zomsangalatsa madzulo, pakuti BBC inayamba kuulutsira maiko olamulidwa ndi Angerezi mu 1932. Koma munthu wakuda wa m'komboni anangotola mphekesera m'njira.

Boma litaona zipolowezo linazindikira kuti lilibe pakamwa polankhulira ndi anthu ake. Motero mu 1936 linayambitsa nyuzipepa yochedwa Mutende, ndipo nkhondo itabuka mu 1939 linamanga nyumba ya wailesi m'Lusaka, imene inayamba kuulutsa mu 1941. Koma khutu silinamangidwe. Mu 1940 Azungu a ku migodi analeka nchito nalandira malipiro oonjezera. Anthu akuda pocita comweco anakumana ndi mfuti, ndipo 17 anafa ndi zipolopolo za pa 3 April ku Nkana. Zaka zinai za Mutende sizinaletse mwaziwo, cifukwa bvuto la anchito silinali kusowa nkhani, koma kusowa wowamvera.

Wina anganene kuti wailesiyo inali nyambo cabe, ndi kuti nyimbo zake zinali zogonetsa anthu tulo. Maganizo otere apitirira malire. Munthu wotopa ndi thukuta la tsiku lonse ayenera nyimbo monga ayenera madzi osamba. Mu 1949 Harry Franklin anabweretsa kawailesi kochedwa Saucepan Special, ka mtengo wa £5, ndipo m'nyumba za ku Kabwata anansi anasonkhana kukazungulira. Alick Nkhata anayenda m'midzi kujambula nyimbo za makolo, nazibwezera kwa eni ake pa mphepo. Cimene anthu anacikonda koposa cinali pologalamu ya Zimene Mwatifunsa, m'mene omvera analemba makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale akutali. Cikondi cimeneco cionetsa cinsinsi conse: pamenepo wailesi inali ndi khutu.

Ku migodi khutu linapezeka caka comweco ca 1949, pamene bungwe la anchito akuda linakhazikika pansi pa Lawrence Katilungu. Mu 1952 iwo analeka nchito masabata atatu mwabata, napambana malipiro abwinopo, popanda maliro monga a ku Luanshya ndi ku Nkana. Koma pamene cigwirizano ca Federation cinakakamizidwa pa anthu mu 1953, atacikana poyera, ambiri anasiya kukhulupirira wailesi ya m'Lusaka, ngakhale nyimbo zake zinali zokoma monga kale.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Wanchito wodandaula za malipiro atsina khutu la bwana wake lisanagwe tsoka, ndipo bwana wanzeru amthokoza. Nyimbo nzabwino pamene zitsata cilungamo. Zisanduka cinyengo pamene ziikidwa m'malo mwake. Wolamulira amene afuna kuti anthu amvere mau ake ayambe iye wakhala pansi ndi kumva ao.